ZA MAU AKUTI "WALAKWA" NDI MANTHA A MWANA WA SUKULU

Pa mau onse amene mwana wa sukulu amamva pakamwa pa mphunzitsi wake, palibe olemera koposa akuti "walakwa." Mau amenewa sanabadwire m'sukulu iai. Kwao ndi ku bwalo la milandu, kumene nyakwawa ndi nduna zake, atamva mbali zonse ziwiri, amauza munthu amene ng'ombe zake zadya m'munda wa mnzake kuti, "Mwalakwa, lipirani." Wolakwa pa bwalo amachoka ndi manyazi, ndipo mbuzi kapena nkhuku yake imatsala. M'tchalitchi namonso munthu amagwada kupempha kuti zolakwa zake zikhululukidwe. Tsono mwana wa ku Mponela akalemba kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 54, mphunzitsi nanena kuti "walakwa," mwanayo samva kuti nambala yake yaperewera ndi 2 chabe. Amva kuti iye mwini ali ndi mlandu. Ndiponso pa kutha kwa chaka, amene sanakhoze anthu amati "walakwa mayeso," monga ngati pali munthu amene anamlakwira.

Chichewa sichisowa mau ena ofatsa. Mlenje akaponya mubvi, gwape nathawa, anthu amati waphonya. Palibe womzenga mlandu, ndipo iye atola mubvi wake nakabisaliranso. Mlendo wofuna ku Ntchisi akatenga njira ya ku Dowa amati wasokera, ndipo woyamba kukomana naye amamlozera njira. Mbiya ikasweka pa moto, anzake a woumbayo amafunsa za dothi ndi za nkhuni, osati za khalidwe lake. M'zonsezi muli nzeru imodzi, yakuti munthu angathe kuphonya chinthu popanda kukhala woipa. Koma sukulu, posankha mau ake, inasiya a mlenje ndi a mlendo, nitenga a ku bwalo. Chingerezi nacho chisadzitame pamenepa, pakuti liu lake lakuti "wrong" limagwira mbala ndi mwana wa masamu m'khoka limodzi.

Nkhaniyi ingaoneke ngati ya mau chabe, koma wophunzira uphunzitsi ayenera kuilingalira bwino, chifukwa nthawi iri yonse pamene mwana aphonya yankho m'kalasi amaphunzira zinthu ziwiri: yankho loona, ndi chimene chimagwera munthu wophonya. Yankho loona aliiwala msanga. Ndani mwa akulu akumbukira maina onse a mitsinje imene analoweza ali mwana? Koma chinzakecho chimatsala mumtima kufikira imvi, ndipo ndicho chimamlamulira tsiku limene ayenera kusankha yekha chochita, popanda mphunzitsi womchongera.

Kuphonya kuli mitundu iwiri. Kulipo kosafufutika. Mlimi wa ku Madisi akabzala chimanga pa mvula ya chizimalupsa, dzuwa niliwalanso masabata atatu, mbeu yake yapita, ndipo kapena alibe ina. Akakongola feteleza wa fodya, mtengo nugwa ku msika wa ku Kanengo, ngongoleyo imamtsata chaka chonse. Anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amene anaona njala ya 2002 adziwa kuti munda sukhululuka. Chifukwa chake mlimi wosauka akakana mbeu yachilendo kufikira ataiona m'munda wa mnzake, asanenedwe wamantha. Iye wawerenga bwino mtengo wa kuphonya.

Koma kulinso kuphonya kotsika mtengo, ndipo makolo anadziwa kukupatsa malo ake. Atatha kukolola, ana anali kumanga timisasa kunja kwa mudzi nachita masanje. Kamtsikana kanali kuphika nsima yeniyeni pa moto weniweni, ndipo ikatuluka yosapsa kapena yolimba ngati mwala, anzake anali kuseka, nadya momwemo, m'mawa mwake naphikanso. Palibe banja limene linagona ndi njala chifukwa cha nsima ya ku masanje. Pofika tsiku lophikira alendo, dzanja linali litazolowera mthiko, ndi diso linali litadziwa muyeso wa ufa.

Sukulu iyenera kukhala masanje a nzeru. Ana a sukulu zoyamba anali kulemba pa mchenga ndi chala, pambuyo pake pa sileti, ndipo ubwino wa ziwirizi ndi wakuti zimafufutika. M'moyo wonse wa munthu mulibe malo ena pamene angaphonye kakhumi pa tsiku osataya kanthu koma choko. Tsono sukulu ikasandutsa kuphonya kwa pa sileti kukhala mlandu wa chikwapu ndi manyazi, yamlanda mwana malo okhawo ophunzirirapo kuyesa. Ndipo choipa koposa, yamsokoneza kuti asathenso kusiyanitsa kofufutika ndi kosafufutika. Zonse aziopa mofanana.

Mantha amenewa ali ndi mbiri yake m'dera lino. A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a Mishoni ya Dutch Reformed anafika ku Mvera m'chaka cha 1889, ndipo mu 1894 Robert Blake anatsegula Kongwe. Kuchokera m'malo amenewa sukulu za m'midzi zinafalikira m'mapiri ndi m'madambo, ndipo zinagwira nchito yaikulu imene palibe angaipeputse, pakuti zinaphunzitsa anthu zikwi zambiri kuwerenga m'chinenero chao. Koma kaphunzitsidwe kake kanatsamira pa katekisma, m'mene funso liri lonse liri ndi yankho limodzi lolembedwa kale, loyenera kunenedwa liu ndi liu. Pa chiphunzitso cha mpingo njira imeneyi iri ndi chifukwa chake. Bvuto linadza pamene inalowanso m'masamu ndi m'maphunziro a chilengedwe, mwana nayamba kuganiza kuti nzeru ndiko kubweza mau a mphunzitsi osataya limodzi. Njirayi inapezanso nthaka yolimidwa kale, pakuti mwana wa Achewa analeredwa kuti asayang'ane wamkulu m'maso, asamtsutse, ndipo akafunsidwa chimene sadziwa angokhala chete. Ulemu wotere ndi wokoma pa khonde la agogo. M'kalasi umabisa mwana amene sanamve.

Pambuyo pa katekisma panadza mayeso. Boma la Atsamunda linakhazikitsa Dipatimenti ya Maphunziro mu 1926, koma sukulu ya sekondale yoyamba inatsegulidwa ku Blantyre mu 1940, ya ku Zomba mu 1942, ndi ya ku Dedza mu 1951. Pa chipata chopapatiza chotere funso limodzi lophonya linali lokwanira kumbwezera mnyamata ku khasu, mnzake nakhala kalaliki. Chipatacho chakula, koma sichinaleke kupanikiza. M'zaka za m'ma 2010, mwa ana okhoza mayeso a Standade 8 osafika theka ndiwo anali kusankhidwa kupita ku sekondale za boma, ndipo m'sukulu za pulaimale mwana mmodzi mwa anai kapena asanu anali kubwereza kalasi chaka ndi chaka. Mphunzitsi wodziwa zimenezi, chifukwa cha kukonda ana ake komwe, amayamba kuwaloweza mayankho a mayeso akale, ndi kuona kuyesa kuli konse ngati kutaya nthawi.

Panalinso zaka za chipani chimodzi, kuyambira 1966 kufikira 1993, pamene Kumvera ndi Kusunga Mwambo zinali ziwiri mwa ngodya zinai za dziko, ndipo liu lophonya linali kutha kumtengera munthu ku ndende. Ku Dowa komweko kunali ndende ya Dzaleka, ya omangidwa pa zifukwa za ndale, imene mu 1994 inasanduka msasa wa othawa kwao, anthu amati dzina lake lichokera ku kulapa kwa womangidwa, kuti "ndidzaleka." Aphunzitsi a nthawi imeneyo anaphunzira kuyeza liu liri lonse asanalitulutse, ndipo ana amene anakhala pa mapazi ao ndiwo makolo ndi akulu a sukulu a lero. Kenaka mu 1994 sukulu za pulaimale zinakhala zaulere. Ana anachuluka kuchokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupi ndi 3 miliyoni, ndipo boma linalemba aphunzitsi osaphunzira nchitoyo pafupifupi 20,000. Munthu woima pamaso pa ana oposa 100 pansi pa mtengo achite chiani? Anena, ana nabwereza onse pamodzi, afunsa "Mwamva?" ana nayankha "Inde!" Kuyankha kwa chigulu kumeneku kumakoma m'khutu, koma ndiko una wa mwana wamantha: agwedeza milomo pamodzi ndi anzake, natha chaka chonse osadziwika kuti sawerenga.

Mwana woopa sakhala wopanda nzeru. Nzeru zake zimangosintha nchito. John Holt, mphunzitsi wa ku America, anakhala kumbuyo kwa kalasi la ana a zaka 10 nawapenyetsetsa, ndipo zimene anaona anazilemba m'buku lake la 1964, How Children Fail. Anapeza kuti ana ambiri sanali kulingalira za funso konse, koma za njira yopulumukira: kuyang'ana nkhope ya mphunzitsi kuti aone ngati yankho liri kumkomera, kuyankha chapansipansi kuti mphunzitsi amve chimene afuna kumva, kukweza dzanja pamodzi ndi ambiri poyembekeza kuti sasankhidwa. Amene anaphunzitsapo ku Mponela kapena ku Malomo azidziwa zonsezi, pamodzi ndi zina za kuno: kope loiwalika kunyumba tsiku lochonga, mutu wopweteka nthawi ya masamu, ndi mbuzi zimene zimasowa mbusa tsiku la mayeso lokhalokha.

Chinenero chimaonjezera katundu. Kwa zaka zambiri kuyambira 1968 ana anali kuphunzira m'Chichewa kufikira Standade 4, nayamba kuphunzira m'Chingerezi pa Standade 5, ndipo Lamulo la Maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira. Mwana wofunsidwa m'Chingerezi ali ndi mitsinje iwiri yooloka, wa yankho ndi wa chinenero, ndipo adziwa kuti akagwa mu wachiwiri kalasi lonse lidzaseka ngakhale yankho lake liri loona. M'sukulu zimene zinali kulanga wolankhula Chichewa pa bwalo, ana sanaphunzire Chingerezi msanga monga aphunzitsi anayembekezera; ambiri anaphunzira kukhala chete m'zinenero ziwiri.

Chodabwitsa n'chakuti kutamanda nako kungabale mantha omwewo. Mu 1998 Claudia Mueller ndi Carol Dweck anapatsa ana a ku America mafunso, ndipo atatha ena anawatamanda kuti ndi anzeru, ena kuti alimbikira. Powapatsa mwai wosankha nchito yotsatira, ambiri mwa otchedwa anzeru anasankha yosabvuta, kuopa kutaya dzina lao. Ndipo atalephera mafunso obvuta, pafupifupi anai mwa khumi a iwo ananama ponena zimene anapeza. Kafukufuku wa pambuyo pake waonetsa kuti kungosintha mau otamanda sikuchiza zonse, koma chimene anachionacho chidziwika bwino pa tsiku lotsekera sukulu, pamene maina awerengedwa pamaso pa makolo kuyambira woyamba kufikira wotsiriza. Anthu amamvera chisoni wotsiriza, ndipo ayenera. Koma nambala wani nayenso amapita kwao ndi katundu, pakuti tsopano ali ndi mpando woti auteteze, ndipo funso liri lonse latsopano liri mdani wa mpandowo.

Mwana wotere akakula, chizolowezi chija chimabvala jekete nichikhala pa ofesi. Ndiye kalaliki amene chikalata chiri pamaso pake, lamulo alidziwa, koma ati, "Bwerani mawa, abwana kulibe." Ndiye wa m'komiti ya sukulu amene aona kuti njerwa ziri kuperewera, nayembekeza kuti wina ayambe kunena. Ndiye mphunzitsi amene awerenga buku la malangizo liu ndi liu ngakhale aona kuti ana atsala kumbuyo, chifukwa mlangizi wa maphunziro akadza sangamdzudzule pa chimene chalembedwa. Anthu awa posankha safunsa kuti njira yabwino ndi iti. Afunsa kuti njira imene mlandu sungawapeze ndi iti. Ndipo akaphonya amabisa, kotero kuti chimene chikadakonzeka ndi liu limodzi Lolemba chimadziwika Lachisanu chitaola. Sikuti sukulu yokha ndiyo ichita zonsezi. Umphawi ndi ukali wa akulu a nchito ziri ndi gawo lao. Koma sukulu ndiyo imamlandira munthu ali wanthete, nimsunga zaka 8. Akale anati mbewa ya manyazi inafera ku una, natinso safunsa anadya phula. Miyambi imeneyi ana amailoweza m'phunziro la Chichewa, m'kalasi lomwelo limene kufunsa kumasekedwa.

M'boma la Kasungu, loyandikana ndi Dowa ndi Ntchisi, munachitika chinthu choyenera kuchiganizira. William Kamkwamba, wobadwa mu 1987, anakulira m'mudzi wa Masitala pafupi ndi Wimbe. Mayeso a Standade 8 sanamuone ngati wopambana. Anasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera ya Kachokolo, ndipo pa njala ya 2002 analeka chifukwa chosowa fizi. M'laibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe anapeza buku lotchedwa Using Energy. Chingerezi chake chinali chochepa, choncho anatsata zithunzi. Ndi njinga yakale ya bambo wake, chopemerera cha thirakitala, mapaipi a pulasitiki owongoledwa pa moto ndi dainamo ya njinga, anamanga makina a mphepo pa nsanja ya mitengo ya bulugamu, nayatsa babu. Asanafike pamenepo anali ataononga mawailesi angapo powamasula kuti aone za m'kati, ndipo anthu anali kumnena wamisala pomuona ali kutola zitsulo ku dzala. Mawaya ake atatsala pang'ono kuotcha nyumba, sanagwetse nsanja. Anapanga chodulira magetsi ndi misomali ndi maginito. Mu 2007 anakalankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha, ndipo mu 2014 anatsiriza maphunziro ku Dartmouth College ku America.

Wina asatengepo kuti kuleka sukulu ndiko kunampulumutsa. Buku linali la m'sukulu, kuwerenga anaphunzira ku sukulu, ndipo ana zikwi amene analeka chaka chomwecho sanamange kanthu. Chimene anapeza ku dzala ndicho chimene akadayenera kuchipeza m'kalasi: malo pamene chinthu chikakanika funso lotsatira ndi lakuti "chakanika pati?" osati "walakwa ndani?"

Funso limenelo mphunzitsi angalibweretse m'kalasi popanda ndalama. Mwana akachotsera 17 pa 42 napeza 35, wosafatsa aika mtanda wofiira napitirira. Wofatsa aona kuti 35 sanagwe kumwamba: mwanayo anachotsa 2 pa 7 napeza 5, nachotsa 1 pa 4 napeza 3, chifukwa anauzidwa kale kuti chachikulu sichichotsedwa pa chaching'ono. Watsata lamulo mokhulupirika. Chimene sanamve ndi kubwereka khumi. Ndipo ngati mmodzi wapeza 35, m'kalasimo muli ena khumi amene apeza 35. Yankho lophonyalo likalembedwa pa bolodi popanda dzina la mwini, ana nafunsidwa kuti wolembayo anayenda njira yanji, limaphunzitsa koposa mayankho okhoza makumi awiri. Chimodzimodzi m'Chingerezi. Mwana wosokoneza "l" ndi "r" sali wogontha, m'Chichewa ziwirizi ndi liu limodzi losintha ndi malo ake, monga mu "kulira." Wonena "he" potchula amai ake sali wamwano, "iye" wa Chichewa sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Mphunzitsi wodziwa chinenero cha ana ake amadziwiratu pamene adzapunthwa, ndipo amawauza chifukwa chake, kuti aone kuti chowapunthwitsa ndi mwala wa pa njira.

Kulinso kudikira. Mary Budd Rowe, atamvetsera maphunziro ambiri ojambulidwa m'sukulu za ku America, anaonetsa cha m'ma 1972 kuti aphunzitsi akafunsa funso amadikira ngati sekondi imodzi yokha. Pamene anazolowera kudikira masekondi 3 kapena kuposa, mayankho anatalika, ana oyankha anachuluka, ndipo ngakhale oyesedwa ofooka anayamba kulankhula. Kwa mwana amene ayenera kutembenuza yankho lake kuchokera m'Chichewa, masekondi amenewo afunika koposa. James Stigler anasimba za kalasi limene anaona ku Japan mu 1979, m'mene mphunzitsi anatuma ku bolodi mwana amene anali kulephera kujambula bokosi, osati wokhoza. Mwanayo anajambula nafufuta, najambulanso, anzake namuuza kuti sichinafike, kufikira pa kutha kwa phunziro anakhoza, kalasi nilimuombera m'manja. Wofuna kuyesa zimenezi kuno achenjere: kutuma mwana wofooka ku bolodi m'kalasi limene lazolowera kuseka ndi nkhanza chabe. Kuseka kuyenera kuthetsedwa poyamba, ndipo sikutha ndi lamulo la tsiku limodzi. Kumatha pamene ana aona kwa miyezi kuti mphunzitsi mwini saseka, ndi kuti iyenso choko chikaphonya pa bolodi amathokoza mwana womkonza.

Mau akuti "walakwa" asachotsedwe m'sukulu. Mwana womenya mnzake, wakuba pensulo, wonama, ameneyo walakwadi, ndipo mau a ku bwalo amuyenera. Koma akamveka pa mlandu wokha amasunga kulemera kwao. Akamveka kakhumi pa ora pa masamu ndi pa kalembedwe, ana ena amasweka nao mtima, ena amagontha nao, ndipo ogonthawo sadzawamvanso tsiku limene aba.

Chiyeso choyamba cha wophunzira uphunzitsi chimadza pa nthawi yokaphunzitsa ku sukulu ya kumudzi, tsiku limene womuyesa wa ku koleji akhala kumbuyo kwa kalasi ndi pepala la malikisi. Tsiku limenelo iye ndiye mwana wa pa bolodi. Mtima udzamuuza kuti aloze ana atatu a kutsogolo amene adziwa kuti akhoza, afunse "Mwamva?" nalandire "Inde!" wamkulu, phunziro nilithe bwino pa nthawi yake. Ena amafika pophunzitsiratu phunzirolo dzulo lake. Woyesa amene anakhalapo m'kalasi amazindikira msanga phunziro lotere, pakuti manja amakwera funso lisanathe. Chimene amayang'anira ndi mphindi imene mwana wa kumbuyo anena 35, ndi chimene wophunzitsayo achita ndi nambala imeneyo.